Lole Yophimba Lona

Usiku wachitatu pa phiri la Tololo.
Mphepo ya ku Andes yaboola jekete ya mchimwene wanga,
khofi wazizirira m'kapu,
ndipo denga la telesikopu latseguka pang'ono chabe
ngati diso la munthu wodzutsidwa tulo tisanathe.

Anandipatsa mlalang'amba umodzi.
Ulibe dzina, uli ndi nambala yokha,
poti wa chaka chachitatu sapatsidwa yotchuka.
Wangawu wapendekeka, mikono iwiri yopindika
ngati madzi a sopo akamathawira m'dzenje la sinki,
ndipo kuwala kumene ndikukola usiku uno
kunanyamuka kwawo kusanabadwe munthu wodziwa kuwerenga.

Ntchito yanga ndi kuyeza liwiro, basi.
Mbali iyi ikubwera kuno, kuwala kwake kwatsamira ku buluu;
inayo ikutithawa, yafiirira.
Ndimayamba pakati, ndikuyenda chotuluka,
kadontho, kadontho, mpaka kumene nyenyezi zatheratu.

Ndinkadziwa yankho ndisanayambe.
Ana a dzuwa ndinawaloweza ndili wamng'ono:
wapafupi amathamanga, wakutali amakoka miyendo.
Mzere wanga unayenera kukwera, kenako kutsetsereka.
Unakweradi.
Kutsika ndiye unakana,
unangoti see ngati msewu wopita ku Copiapó.

Masabata awiri ndinasaka pamene ndalakwitsa.
Baltasar anawerenga pulogalamu yanga yonse, akutafuna pensulo,
n'kupeza kachizindikiro kamodzi kosochera.
Tinakonza. Mzere sunagwedezeke.
Ndinafuna kufufuta zonse dzuwa lisanatuluke,
koma Pulofesa Arancibia anagwira mpando wanga kumbuyo:
"Maite, chotsa chala pamenepo.
Ena anaziona kale iwe usanabadwe, nawonso anayamba ndi kudzikayikira.
Nyenyezi zakunjazo zikadauluka kalekale.
Funsa chimene chazigwira."

Sindinaganize za buku.
Ndinaganiza za bambo, Eleuterio Collao,
zaka makumi awiri akutsitsa mphesa m'chigwa cha Elqui,
ine pambali pawo, mapazi osafika pansi.
Tikatsatira lole yophimba lona ankati,
"Usafunse dalaivala, anama.
Taona m'mene ikulowera pa kona,
taona matayala akumbuyo m'mene afwamphukira.
Iyo yanyamula miyala ya mkuwa, si udzu ayi."
Sanasuzumirepo pansi pa lona ngakhale kamodzi,
ndipo sindikumbuka tsiku limene anaphonya.

Ndiye ndinawerengera kulemera kwa zowala zonse,
nyenyezi, mpweya, fumbi,
n'kuyerekeza ndi kulemera kumene liwiro likufuna.
Sizinakumane. Zosowazo zinaposa zooneka
mwina kasanu, mwina kuposa apo;
malire a kulakwitsa kwanga ndi otakata, ndawalemba osabisa.
Chilipo chinthu chosawala, chosatchinga kuwala,
chokuta mlalang'amba wonse mpaka kutali kunja,
chimene timachitcha chamdima
chifukwa dzina lenileni sitinalipeze.

Amayi anaimba foni ndikudya buledi wa m'mawa.
"Wapeza chiyani kumwambako?"
Ndapeza kuti chilipo, amayi.
"Chiyani?"
Sitikudziwa.
Anakhala chete, mbuzi ikulira kumbuyo kwawo.
"Nanga akupatsa malikisi pa zimenezo?"

Lipoti likufunika Lachisanu, masamba khumi ndi awiri.
Mawu oti sitikudziwa ndawatambasula mizere isanu
kuti amveke ngati a munthu wophunzira.
Baltasar akuti chithunzi chachitatu n'chosawerengeka, akunena zoona.

Potsika phiri minibasi inakakamira kumbuyo kwa lole ina,
fumbi lokhalokha, palibe podutsa.
Anzanga anagona, mitu ikugunda galasi.
Ine maso anali pa matayala,
milomo ikuwerengera ndisanaiuze,
mpaka tinafika pa mphambano ya ku Vicuña
pamene inakhotera kwina, lona yake ili chimangire.